Ng'ombe Inakwera Phiri, Mwamuna Anatsika

Ine ndinakwatiwa tsiku limodzi. Limodzi lokha, Lachinayi, kuyambira dzuwa lili pamutu mpaka m'mawa mwake pamene lole ya khofi inaliza hutala kumsewu. Zaka zisanu za m'mbuyo mwake ndinali mkazi wa munthu kwa mwamunayo, koma kwa abale anga ayi. Zaka zonse zotsatira ndakhala mkazi wa munthu kwa abale anga ndi kumpingo, koma kwa mwamunayo ayi. Ndikulemba ndekha m'kope, ndi pensulo, pang'onopang'ono, chifukwa zilembo ndinaziphunzira mochedwa kusukulu ya kwacha. Chichewa changa ndi chotola: china kwa iye, china pa wailesi, china kusikelo ya ana. Pamene chatsimphina, chigwireni dzanja tiyende.

Kwathu ndi ku Misuku, kumene munda umaima chilili. Khasu likakupulumuka umakalitenga kwa anzako a kumunsi. Nthochi pamwamba, khofi pansi pake, nyemba m'mipata, nkhungu pa zonse. Adada anali ndi khofi wambiri ndithu, koma wobzala mwachisawawa, apa mtengo, apo mitengo itatu yokumbatirana.

Anali masiku a khadi, pamene pamsika sunkalowa wopanda khadi la chipani, ndipo boma linkatumiza anthu ake kulikonse kumene lafuna. Kwa ife linatumiza mlangizi wa khofi wochokera kumwera. Anafika akukankha njinga, pakuti njinga kwathu imakwera munthu kuposa mmene munthu amaikwerera. Wamtali, kabudula wa khaki, masokosi mpaka m'mawondo, buku m'khwapa, ndi chingwe cha mfundo m'thumba choyezera mizere. Sankaseka, sankakwiya. Nkhope yake inali ngati mbale yotsukatsuka, yoyera bwino koma mulibe kanthu. Tonse tinkangoti alangizi, ndipo ine ndinawatchula choncho mpaka tsiku lomaliza.

Tsiku limene anabwera m'munda mwa adada, anandipatsa nsonga ya chingwe kuti ndigwire. Ndinagwira ndikuimba, pakuti ine ndinabadwa ndikuimba, amama ankati sindinalire koma ndinayambitsa nyimbo. Titamaliza mzere wachitatu anati, "Mumagwira chingwe mowongoka."

Chibwenzi chathu chonse chinali chimenecho. Sabata yotsatira anandipeza ndikuthyola khofi, nati, "Mayi, muli pabanja?" Ndinati ayi. Anatsegula buku, analemba, anapita.

Patapita masiku anabweranso ndi mnzake, wazaumoyo wa kuchipatala chaching'ono cha kwathu, munthu wa kuchigawo chapakati amene Chitumbuka ankachidziwa bwino. Ananyamula tambala wofiira. Anaodira, anakhala pamphasa ndi adada ndi ang'ono awo awiri, nanena kuti abwera kudzapempha ine. Mawu onse anamveka, palibe ndi limodzi lomwe linasochera. Adada analandira tambalayo nayamika. Tsono amama, poona kuti alendo achokera kutali, sanafune kuti abwerere chimanjamanja. Anagwira msoti wa mawangamawanga, anaumanga miyendo ndi luzi la nthochi, napatsa wazaumoyo uja.

Apa ndi pamene panagona nkhani. Kwathu ulendo woyamba ndi kugogoda chabe. Pambuyo pake pamabwera thenga, mkhalapakati wa mabanja awiriwo, amuna amakambirana za ng'ombe, ng'ombe zimalowa m'khola, kenako mkazi amanyamuka kupita kwa mwamuna. Kwawo kwa alangizi, akuchimuna akapereka tambala, akuchikazi nabweza msoti, ukwati wamangidwa, ndipo mwamuna ndiye amasamuka kukakhala kwa mkazi. Amama anandikwatitsa ndi nkhuku ya ulemu, iwo osadziwa, ine osadziwa. Wazaumoyo uja anaona zonse, koma anali atangokhala kwathu chaka chimodzi. Ankadziwa moni wathu, ng'ombe zathu sankazidziwa.

Loweruka alangizi anafika ndi mitengo ndi chingwe chawo chija, nayamba kuyeza kuseri kwa nthochi za amama. Adada anayang'ana nati, "Mwina ndi nazale ya boma." Masiku amenewo munthu wa boma akakumba dzenje pakhomo pako, sunkafunsa, unkamubwereka khasu. Adada anawabwereka khasu. Alongo anga anawathandiza kumweta udzu. Nyumba inakwera, yamakona owongoka kuposa nyumba zonse za m'phiri lathu, ndi chitseko cha matabwa chokhala ndi loko.

Itatha anandipeza pamtondo.

"Mayi, nyumba yatha. Mungathe kulowa."

Ndinamaliza kusinja, ndinapeta, ndinatenga mphasa yanga ndi kulowa. Adzukulu anga amandifunsa chifukwa chake. Ndinali ndi msinkhu wofuna kuona mkati mwa nyumba yatsopano. Ndiponso anali mwamuna yekhayo m'dziko amene sanandiuzepo kuti ndikhale chete. Ndinkaganiza kuti ng'ombe zili m'njira.

Akuluakulu a banja anakhala pansi kuweruza. Wina anati mwana wathu wasompholedwa, ndiko kuti wabedwa ndi mwamuna, alipire mlandu. Adada aang'ono anati, "Wabedwa kupita kuti? Ndikumumva akuimba apa. Kuchoka pakhitchini ya amake ndi mapazi makumi awiri." Wina anati ndiye wakwatiwa. Adada anati, "Khola langa lili mmene linalili." Sanabedwe, sanakwatiwe, ndipo wolipiritsa munthu wa boma panalibe. Anamwazikana atagwirizana kuti adikire ng'ombe.

Kumpingo nako anakhala pansi. Pamzere wa atsikana anandichotsa, chifukwa ndinali ndi mwamuna. Pamzere wa amayi apabanja, aja ovala bulauzi yoyera ndi duku loyera, sanandiike, chifukwa ukwati wanga sunali m'buku. Anandipatsa benchi la kumbuyo, pafupi ndi khomo, pamene pamalowera mphepo. Wa benchi limenelo amaloledwa kuvomera nyimbo, koma kuyambitsa ayi.

Ine, woyambitsa nyimbo. Ine amene ndinkati ndikakweza mawu, a tsidya lina la chigwa ankaimika makasu. Lamulungu lililonse ndinkamva mayi wina wa mawu a mphaka akuyambitsa motsika, mpingo wonse ukukwawa pambuyo pake, ine nditaluma mlomo pakhomo. Ku magule a chipani ankanditenga, kumeneko za ng'ombe sankafunsa, aliyense wa chitenje ankavina. Koma nyimbo za kumeneko zinkabwera zophikaphika, ndipo unkaimba ukuyang'ana amene akukuyang'ana. Ine ndinkafuna duku loyera ndi mzere wa kutsogolo. Palibenso china chimene ndinkafuna.

Alangizi anakhala mkamwini weniweni, monga mwa kwawo. M'mawa asanapite ku ntchito ya boma ankalima kwa adada. Anazula khofi wokumbatirana uja, anabzala wina m'mizere, anadulira, anaphimbira ndi masamba a nthochi. Chaka chachitatu nthambi zinalemera mpaka kuzichirikiza ndi mphanda. Nthawi yokolola ikatha adada ankawaitana pakhonde.

"A boma, khofi wabereka. Yewo chomene. Nanga ng'ombe zija zafika pati?"

"Kwathu mwamuna sapereka ng'ombe, bambo. Amabwera yekha. Ng'ombeyo ndine."

"Ng'ombe imabereka inzake. Iyi imangolemba m'buku."

"Imalimanso."

"Kulima imalima," adada ankavomera, nkhani n'kuthera pomwepo mpaka chaka china. Munthu wolima mwaulere sathamangitsidwa, ndipo adada sanali opusa.

M'nyumba munali mtendere ngati wa mu ofesi. Sanandimenyepo, sanandikalipirepo, sanandiyamikirepo. Ndikaphika mbalagha, nthochi zathu zophika ndi nyama, ankadya n'kunena kuti, "Ndadya." Ndikapsereza nyemba ankadya n'kunena kuti, "Ndadya." Tsiku lina ndinathira dala mchere kawiri kuti ndione nkhope ikusuntha. Anamwa madzi makapu awiri, nati, "Ndadya." Ndinaseka ndekha mpaka misozi, iwo akundiyang'ana ngati mmene ankayang'anira tsamba la khofi lachilendo.

Tsiku lina tikuyanika khofi pathandala ndinafunsa.

"Alangizi, kodi mumandikonda?"

Anasiya kutembenuza khofi.

"Nkhani imeneyo sindinaiganizirepo. Ndidzakuyankhani Lachisanu."

Lachisanu ine ndinali nditaiwala. Iwo sanaiwale. Anafika kuchokera ku ntchito, anatsamiritsa njinga, anavula nsapato, nati, "Mayi, za funso lija. Ndaganiza. Sindikuonapo chovuta."

"Yankho lonse ndi limenelo?"

"Mukufuna ndiwonjezere chiyani?"

Ndinafunafuna choti awonjezere, sindinachipeze. Pajatu akanandifunsa ine funso lomwelo, ndikanapempha Lachisanu langanso. Ine ndinkakonda nyimbo, iwo ankakonda mizere yowongoka, ndipo tinkafunda bulangeti limodzi chifukwa ku Misuku kumazizira.

Tinabereka mwana wamkazi. Atamuona koyamba anatulutsa chingwe chija, anamuyeza kuyambira kumutu mpaka kuchidendene, analemba. Azamba anaseka mpaka kukhala pansi. Mwezi uliwonse ankamuyezanso, ndipo mwanayo atayamba kuyenda ankabwera yekha kudzaima chilili akaona chingwe. Ankamunyamula mosamala ngati mbande ya m'chubu. Kumuseweretsa sankadziwa.

Mwana atasiya kuyamwa ndinanena zanga poyera.

"Alangizi, ndikufuna duku loyera."

"Kusitolo kwa mswahili kuli nsalu yoyera."

"Si logula. Duku limenelo limabwera ndi ng'ombe. Ng'ombe ikalowa m'khola la adada, akulu a mpingo alemba ukwati m'buku, ine ndichoka pakhomo paja ndikaime kutsogolo."

"Koma ndife okwatirana kale. Panali tambala, panali msoti."

"Tambala tinadya. Msoti anali wa ulemu."

Alangizi anatenga cholembera. Kenako anatsegula buku, analemba mzere umodzi, anatseka. Ndinadikira mwezi, ndinadikira chaka, ndinadikira zaka ziwiri. Ndinaleka kudikira. Benchi la kumbuyo linayamba kundidziwa, linali ndi pokhala panga posalala.

Ndiye kunabwera kalata ya khaki. Anaiwerenga ataimirira pabwalo, anaipinda kanayi.

"Ndasamutsidwa. Ndikubwerera kumwera. Lole ya khofi idzanditenga Lachisanu sabata yamawa."

Masiku amenewo kalata yotero sinkafunsidwa chifukwa. Ndinati, "Chabwino," ndinapitiriza kusenda nthochi. Lolemba m'mawa anamanga wailesi yawo pakaliyala ya njinga, natsika phiri akukankha, osanena kumene akupita. Lachiwiri kunali zii. Lachitatu alongo anga anayamba kundiseka. "Ng'ombe yako ija yadula chingwe," anatero wamkulu. Ndinati ikanadula chingwe ikanachitenga, taonani chili pamsomali.

Lachinayi dzuwa lili pamutu, amayi a kumunsi anayamba kuitanizana. Ndinatuluka. M'kanjira ka m'nthochi munkakwera alangizi, opanda njinga, opanda wailesi, masokosi atagwera m'nsapato, matope mpaka m'ntchafu, akukoka ng'ombe yaikazi yabulauni. Anali atasinthanitsa njinga ndi wailesi kwa mlimi wina ku Kaseye. Ng'ombeyo inali ya kuchidikha, phiri sinkalidziwa. Pokhota paliponse inkakhala pansi n'kuyang'ana kumbuyo, iwo n'kuima pambali kuidikira osaikalipira. Anayenda nayo choncho masiku awiri ndi theka.

Anaimangirira pamtengo wa mapeyala, nagwada patsogolo pa adada.

"Bambo, ng'ombe ija."

Adada anaizungulira kawiri. Anaitsegula kukamwa, anaisisita pamimba.

"Imodzi?"

"Njinga inali imodzi."

Adada aang'ono anagwiranso pamimba paja nati, "Akulu, iyi ili ndi bere. Imodzi ya bere ndi ziwiri." Adada anati ziwiri ndi zochepa koma khomo latseguka, zotsala zidzabwera. Onse ankadziwa kuti sizidzabwera. Anailowetsa m'khola.

Ine sindinadikire kuti wina andiuze. Ndinathamanga kutsetsereka mpaka kumunda kwa mkulu wa mpingo, ndinamupeza akupalira nyemba. Ndinati ng'ombe yalowa ndipo mwamuna achoka mawa. Anasamba m'manja mumtsinje, anakatenga buku, anaitana mkulu mnzake kuti akhale mboni. Pakhonde la adada analemba maina athu awiri. Alangizi anasaina ndi cholembera chawo, ine ndinadinda chala. Ndinayang'ana chala changa cha inki ndipo nyimbo inabwera yokha:

Yakwera, yakwera, ng'ombe yakwera phiri,
yakhala pansi kasanu, koma yakwera phiri.

Amama anavomera, azakhali anavomera, ngakhale mayi wa mawu a mphaka uja anabwera kudzavomera. Alangizi anakhala pampando akuchotsa zisoso m'masokosi.

Nyimbo itatha adada anati, "Tsopano, akweni athu, mkaziyu ndi wanu. Mawa mukwere naye lole, ndi mwana yemwe. Ndi mwambo."

Aka kanali koyamba adada kuwatchula kuti mkweni, ndiko kuti mkamwini m'chinenero cha kuno.

"Ayi, bambo. Mkazi sachoka pamudzi pa amake. Mwana ndi wa kuno. Ine kwathu ndilibe malo, malo ndi a alongo anga. Mkamwini akamachoka amanyamula bulangeti lake basi."

"Ndiye mwaperekeranji ng'ombe?"

"Anapempha duku."

Adada anayang'ana ang'ono awo, ang'ono awo anayang'ana mkulu wa mpingo, mkulu wa mpingo anatseka buku. Anakangana mpaka mithunzi itatalika. Adada ankati wolowoledwa sakhala kwa atate ake, anthu adzati tinalandira ng'ombe n'kukaniza mkazi. Alangizi ankati kalata ikunena munthu mmodzi. Potsiriza azakhali, alongo awo a adada, amene pa nkhani za ana aakazi mawu awo ankalemera, anatembenukira kwa ine.

"Iwe mwini wake, ukuti bwanji?"

Ndinaganiza za kumwera kumene sindinakuonepo, kumene akanandiika pabenchi liti sindikudziwa. Ndinaganiza za Lamulungu, limene linali litatsala masiku atatu.

"Ine Lamulungu ndiyambitsa nyimbo."

Alangizi anagwedeza mutu ngati munthu amene mzere wake watuluka wowongoka.

M'mawa mwake ndinawaphikira nthochi za pa ulendo, ndinazikulunga m'tsamba. Anapinda bulangeti. Linali limodzi lomwe lija, choncho anaima nalo kanthawi, kenako analiyala pamphasa, natenga lumo n'kulidula pakati, motsata chingwe. Theka anasiya. Anamuyeza mwana komaliza, analemba nambala pachitseko ndi pensulo, napachika chingwe pamsomali.

Ndinawaperekeza kumsewu. Tikuyenda ndinafunsa.

"Alangizi, zaka ziwiri zonsezi munali chete. Bwanji lero?"

"Zinali m'buku. Sindikonda kusiyira mnzanga ntchito yosamaliza."

Lole inaliza hutala. Anakwera pamwamba pa matumba a khofi, nakhala moongoka, theka la bulangeti pamiyendo. Anati, "Tsalani bwino, mayi. Khofi wa kumtunda mumudulire mvula isanayambe." Ndinati, "Muyende makora, alangizi." Lole inatsika, inakhota, nkhungu inaitseka. Ndinayembekeza kuti mwina misozi ibwera, ndinaima pang'ono kuipatsa mpata. Sinabwere. Ndinabwerera kukasoka duku.

Lamulungu ndinalowa pakhomo, ndinadutsa benchi langa losalala lija, ndinayenda mpaka kutsogolo, bulauzi yobwereka kwa azakhali, duku langalanga. Mkulu wa mpingo atatchula nyimbo, mayi uja anatsegula pakamwa, koma ine ndinali nditakwera kale. Zaka zisanu za mawu zinali m'chifuwa. Akuti a tsidya lina anamva.

Kalata inabwera imodzi, chaka chotsatira. Aphunzitsi anandiwerengera. Munali malangizo atatu a khofi, funso la msinkhu wa mwana, ndi funso lakuti ng'ombe ili bwanji. Ndinawauza aphunzitsi alembe kuti mwana wafika mfundo yachinayi, ng'ombe yabereka thole lalikazi. Yankho silinabwere. Patapita nthawi wazaumoyo uja anandiuza kuti alangizi anakwatira kwawo, ndi tambala ndi msoti, pakuti kwa iwo ukwati wathu unatha tsiku limene anatuluka ndi bulangeti. Sanabise, sananame. Anatsata mwambo wawo mpaka kumapeto, monga anatsatira wathu tsiku limodzi lija.

Kuno ukwatiwo sunathe. Amuna awiri anabwera kudzandifunsira, wina wa ku Mafinga wa ng'ombe zambiri. Adada anawauza kuti mkaziyu ndi wa mwini, kuti amasuke ng'ombe iyenera kubwezedwa. Koma ibwezedwe kuti, kwa yani, pa lole iti? Ndiponso inali itabereka kachitatu, ndipo adada ankaikonda kuposa mmene ankakondera ena a ife. Ine sindinakakamize. Ndikanamasuka, buku likanatsegulidwanso, ndipo benchi lija linali likadali pakhomo.

Mwana wanga anakula, anakwatiwa ndi wa konkuno, ng'ombe zake zinabwera poyera ndi thenga, ndipo ana ake ndi amene amandinolera pensulo. Chingwe cha mfundo chikadali pamsomali, onse ndinawayeza nacho. M'buku la mpingo ndikadali mkazi wa alangizi. Ngati ali moyo sindikudziwa. Maduku ndasintha asanu ndi limodzi, lililonse likayamba kufiira ndimasoka lina, ndipo mawu atsika pang'ono, koma woyambitsa ndikadali ine. Pamaliro, paukwati, pa Lamulungu wamba, amayang'ana kwa ine, ine n'kukweza. Ndikamapita kokathyola khofi wa kumtunda uja, amene akadali m'mizere yake, ndimaimba ija ya Lachinayi, ndinangoionjezera mzere umodzi:

Yakwera, yakwera, ng'ombe yakwera phiri,
mwamuna watsika, duku latsala pamutu.